Cruiser, Defender ndi ka Jimny pa msewu wa ku Nyika

Lolemba, Mzuzu

Alamu anga akufuna galimoto yoti izikatenga nyemba, khofi ndi uchi kwa alimi a m'mapiri a Rumphi, kumene lole safika mvula ikangoyamba. Nkhaniyi yautsa mkangano pabanja pathu kuyambira nthawi ya Khirisimasi, ndipo kukambirana pakhonde kwalephera kuuthetsa. Ndiye tagwirizana kuti msewu ndiwo uweruze. Alamu abwereka Land Cruiser 79 ya single cab kwa mnzawo amene akuigulitsa. Malume, amene anakalambira pa chiwongolero cha galimoto za boma, atulutsa Land Rover Defender 110 yawo ya injini ya 300Tdi. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, wati sangatsale, ndipo wabwera ndi ka Suzuki Jimny kake, kaja kamakona anayi kamene kanatuluka mu 2018. Ine ndilibe galimoto yoti ndiikire kumbuyo, choncho ntchito yanga ndi kusinthasintha mipando n'kumalemba.

Kuchoka ku Lilongwe mpaka pa Jenda ndinali mu Cruiser. Pa phula, ikakhala yopanda katundu, galimoto imeneyi ndi chilango. Kutsogolo ili ndi masipuling'i opiringiza, amene Toyota inayamba kuika pa mtundu umenewu mu 1999, koma kumbuyo ikadali ndi masipuling'i azitsulo zosanjikiza, opangidwira kusenza tani yathunthu. Popanda tani imeneyo, dzenje lililonse la pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya limakafika m'msana. Pa Jenda malume anatsika, n'kuyang'ana nkhope ya alamu, n'kuwauza kuti, "Gulani matumba a mbatata muponye kumbuyoku, bambo. Imeneyi sidziwa kuyenda chimanjamanja." Tinagula, tinakweza, ndipo galimoto inafatsadi.

Kuyambira pamenepo ndinakwera Defender. Imeneyi pa mabampu ndi yofewa kuposa Cruiser, chifukwa pa mtundu umenewu kuyambira 1983 Land Rover inaika masipuling'i opiringiza ku matayala onse anayi. Koma amene anaikonza sanaganizire za chigongono cha munthu. Dalaivala amakhala atapanikizika kuchitseko, n'chifukwa chake eni ake a Defender ambiri amayenda atatsitsa galasi, mkono uli panja. Kucheza kwake n'kokuwa. Malume amakamba nkhani yonse ya momwe injiniya Maurice Wilks anapangira Land Rover yoyamba, imene inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndi momwe anaipangira bodi ya aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo itangotha. Ndinamvapo theka lokha, theka linalo linamezedwa ndi injini.

M'Chikangawa munali nkhungu. Nkhalango ija ya mahekitala 53,000, imene tinkaphunzira kusukulu, malo ambiri yatsala zitsa ndi timitengo tating'ono tobzala kumene. Malole a matabwa akamadutsa, ka Jimny kamaoneka kakugwedezeka ndi mphepo kutsogolo kwathu. Msuweni akuti kakangopitirira makilomita 100 pa ola kamayamba kulira mokweza, ndiye iye safuna kukakakamiza.

Lachiwiri, Chelinda

Ndikulemba nditafunda mabulangete awiri, zala zikukana kugwira foni.

Tinachoka ku Mzuzu kudzera pa Ekwendeni, n'kusiya M1 kulowera ku Rumphi, kuwoloka South Rukuru pa mpata wa Njakwa pamene mtsinje umadzipanikiza pakati pa mapiri. Pa Rumphi ndi pomwe munthu amathira mafuta odalirika komaliza, ndipo pamenepa kusiyana koyamba kunaonekera tisanaponde n'komwe fumbi. Cruiser iyi ili ndi mathanki awiri. Alamu anadzaza n'kuiwala za mafuta. Jimny thanki yake ndi ya malita 40 basi, komanso imamwa petulo pamene zinzake zikumwa dizilo, ndiye sizingagawane. Tinadzaza zigubu ziwiri, koma mu Jimny mulibe poziika mukakhala zikwama, choncho zinakwera ku Cruiser. Alamu sanataye mpata. "Asisi, galimoto yanu ikuyenda ndi wantchito woinyamulira chakudya." Msuweni anangoti tionana pamatope.

Msewu wa Rumphi, Bolero mpaka ku Nyika ndi Chitipa ndi uja andale akhala akulonjeza kuuthira phula chisankho chilichonse. Phula limatha msanga, kenako ndi fumbi, miyala ndi mabampu ang'onoang'ono otsatizana amene amamasula nati iliyonse. Tisanafike pa geti ya Thazima, malume anatiimitsa kuti tiphwetseko matayala. Tayala lofewerapo limagwira nthaka ndi malo aakulu, komanso limameza mabampu ang'onoang'ono m'malo mowapereka ku masipuling'i. Pomwepo anauza alamu kuti atsike akatseke ma hub, timaloko ta pakati pa matayala akutsogolo.

Apa mpofunika kufotokoza, chifukwa ndi pamene galimotozi zimasiyana kwenikweni. Cruiser pa phula imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Kuti akutsogolo ayambe kukoka, umalowetsa ndodo yaing'ono ija ya pambali pa giya, komanso pa zakalezi umatsika n'kupotokola ma hub a matayala akutsogolo ndi dzanja. Ikalowa, kutsogolo ndi kumbuyo zimazungulira mofanana ndendende, n'chifukwa chake suyenera kuisiya choncho pa phula louma: pokhota matayala amafuna kuyenda mitunda yosiyana, ndipo zitsulo zamkati zimapotana. Jimny nayo ndi chimodzimodzi, kungoti ma hub ake amadzitseka okha. Defender ndi ina. Imakoka ndi matayala anayi nthawi zonse, ili ndi difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala) yachitatu pakati imene imalola kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana liwiro, ndipo pakavuta umangokankha ndodo n'kutseka difuyo uli chikhalire.

Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo msewu umatsata malire a Zambia, pena n'kulowako pang'ono popanda wofunsa pasipoti. Mvula yatha, koma m'makhwawa momwe dzuwa silifika matope ofiira akadalipo. Pa khwawa lina lole inali itakumba mizere iwiri yakuya, pakati patatsala msana wautali. Malume anayamba. Analowetsa low (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono), giya yachiwiri, anatseka difu yapakati, ndipo Defender inadutsa ikupendama uku ndi uku, matayala onse ali pansi. Ubwino wa masipuling'i ake ndi umenewo: tayala limatsikira m'dzenje kutali osasiya nthaka. Malume anatsika kutsidya, n'kupinda manja pachifuwa.

Cruiser inalowa mwamphamvu, n'kuima pakatikati, matayala akumbuyo akuponya matope m'mwamba, akutsogolo ali chete. Malume anangoloza. Alamu anali atatseka hub imodzi yokha, ndipo hub imodzi ikatsala, difu yakutsogolo imataya mphamvu yonse ku mbali yomasukayo. Anatsika m'matope ofika m'maondo, anaipotokola, koma pofika nthawiyo Cruiser ya matani awiri ndi mbatata zija zinali zitakhala kale pamsana wa pakati uja. Panafunika fosholo, miyala ndi chingwe cha Defender. Malume akhala akuikamba nkhaniyi mpaka pa chakudya chamadzulo, ndipo ndikukhulupirira kuti idzakambidwanso pa maukwati a zidzukulu.

Msuweni sanalowe m'mizere ija n'komwe. Ka Jimny n'kopapatiza ndipo kamalemera makilogalamu 1,100 kapena kupitirira pang'ono, theka la Cruiser. Anaika matayala awiri pamsana wa pakati, awiri m'mphepete, n'kudutsa pamwamba pa matope amene anameza mnzake. Tayala limodzi litayamba kuzungulira pachabe, kompyuta yake inaligwira ndi buleki, mphamvu n'kupita ku linzake. Atafika kutsidya anatsitsa galasi n'kufunsa alamu ngati wantchito uja akufuna thandizo.

Chitunda chomaliza chinaonetsa china. Injini ya Cruiser iyi ndi 1HZ, ya malita 4.2, masilinda sikisi, yopanda turbo, imene Toyota yakhala ikupanga kuyambira 1990. Injini yopanda turbo imapuma mpweya umene ulipo, ndipo kumapiri mpweya ndi wopepuka. Pa mamita 300 aliwonse okwera imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake, ndiye kuno ku Chelinda, pa mamita oposa 2,000, gawo limodzi mwa magawo asanu lapita. Inkakwera ikufuka utsi wakuda, alamu akusintha magiya mobwerezabwereza. Defender, ndi injini yake ya malita 2.5 yokha koma ya turbo, inatisiya osatembenuka.

Lachitatu, Chelinda

Kunja kunacha udzu utayera ndi chisanu. Injini za dizilo zinafuna kudikira kaye ma heater otenthetsa m'masilinda zisanalire. Jimny inangolira kamodzi.

Amene sanafikeko ku Nyika amaganiza za nkhalango yowirira, koma pamwamba pano ndi zitunda za udzu zotsatizana mpaka pamene maso alekezera, timinkhalango tating'ono tabisala m'makhwawa. Mitengo ya paini ya pa Chelinda ndi yobzala, ya m'ma 1950. Malowa anakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 anaikulitsa mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Kukulitsako kunasamutsa midzi, ndipo mukacheza ndi achikulire a ku Thazima kapena ku Hewe mudzamva kuti nkhaniyo sinazirale. Taona mbidzi, ntchefu, mphoyo, ndi chilembwe zambiri pafupi ndi dziwe la Kaulime. Nganda, nsonga yaitali ya kuno yopitirira mamita 2,600, tinangoionera patali.

Pa tinjira ta m'paki, touma ndi tosalala, galimoto zonse zitatu zinayenda popanda chodandaula, ndipo ine ndinakhala mu Jimny tsiku lonse. Mkati mwake ndi mwa masiku ano: fumbi sililowa, kutentha kumabwera ukakufuna, ungathe kulankhula ndi mnzako osakuwa. Koma pansi pake ndi pachikale penipeni, chasisi yachitsulo yosiyana ndi bodi, ma axle olimba kutsogolo ndi kumbuyo, ndi low range yeniyeni. Suzuki yakhala ikupanga timagalimoto ta mtundu umenewu kuyambira 1970. Vuto lake n'loonekeratu. Mukakwera anthu anayi, kumbuyo kumatsala malo a chikwama cha sukulu. Thumba la nyemba la makilogalamu 50 mungaikemo angapo mutagoneka mipando, koma bizinesi ya alamu singayambire pamenepo.

Madzulo pa kampu tinapeza banja lina lochokera ku South Africa, likupita ku Tanzania pa Nissan Patrol ya Y61. Bamboyo ndi malume anamvana msanga, monga amachitira anthu okonda kutsegula boneti. Patrol ndi mpikisano weniweni wa Cruiser, ndipo zonse ziwiri zinabadwa chaka chimodzi, 1951. Ya bamboyu ili ndi injini ya TD42, nayonso ya malita 4.2 ndi masilinda sikisi, koma timing yake, imene imatsegula ndi kutseka mavalavu pa nthawi yake, imayendera magiya achitsulo, pamene 1HZ ndi 300Tdi zimadalira lamba amene ayenera kusinthidwa nthawi yake ikakwana, apo ayi injini imadzivulaza yokha. Ili ndi masipuling'i opiringiza konsekonse, ndi yotakata, ndipo ma difu ake amatchuka kuti sathyoka wamba. Ndinaikwera pang'ono kupita ku dziwe. Pa zonse zimene ndakhalamo sabata ino, imeneyi ndiyo yophatikiza bwino kulimba ndi kukhala mwamtendere. Alamu anaizungulira kawiri, kenako anafunsa funso limene ndikuona kuti ndilo mutu wa ulendo wonse: "Nanga ikathyoka kanthu ndili ku Nthalire, ndikakapeza kuti?" Panalibe amene anayankha msanga.

Pa moto malume anakamba china chimene sindinachiyembekezere. Akuti m'nthawi ya Kamuzu, kumudzi kukamveka Land Rover usiku, anthu ankazimitsa nyali. Inali galimoto ya apolisi, ya apayoniya ndi ya a DC. Koma inalinso yomwe inkabwera ndi katemera ndi anamwino a sikelo. Lero malo amenewo anatengedwa ndi Land Cruiser yoyera: ambulansi ya pachipatala cha boma, galimoto ya mabungwe, ya ansembe, ya oyang'anira nyama. Malume amavomereza zimenezi monyinyirika.

Lachinayi, Rumphi

Tsiku lotsika. Pa zitsetse zazitali malamulo a malume ndi amodzi: giya imene unakwerera ndi yomwe utsikire, phazi lichoke pa buleki. Apa 1HZ inabweza ulemu wake, chifukwa injini yaikulu imagwira galimoto yokha popanda kupsereza mabuleki.

Titadutsa Thazima, mwala wakuthwa unang'amba tayala la Defender m'mbali. Cruiser ndi Defender zonse zavala 7.50R16, koma mabowo a marimu ndi osiyana, choncho sipeya ya imodzi singalowe pa inzake. Tayala lenilenilo ndi chubu ndiye zimasinthana. Pa Bolero mnyamata wina wokonza matayala pansi pa mtengo analimata ndi chigamba chamkati, ndipo anati saizi imeneyi amaigwira tsiku lililonse. Atayang'ana la Jimny, 195/80R15, anapukusa mutu n'kuti limenelo mukaliphulitsa mukalifune ku Mzuzu.

Tinapatukira ku Vwaza kukaona mvuu ndi njovu pa nyanja ya Kazuni. Tinaziona, koma akashembe anatithamangitsa tisanakhutire.

Lachisanu, Livingstonia

Tinabwerera pa M1, kutsika Chiweta nyanja ikuonekera kumunsi, mpaka pa Chitimba. Ulipo msewu wina wofikira ku Livingstonia kuchokera chakumtunda, koma malume anati amene akufuna kuyesa galimoto akwere Gorodi.

Msewu umenewu unakumbidwa ndi makasu ndi mapiki kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Robert Laws atasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894. Ndi makilomita pafupifupi 15, okhala ndi makona 20 obwerera m'mbuyo, kukwera kuchoka m'mphepete mwa nyanja kufika pamwamba pa phiri. Mbali ina khoma la mwala, mbali ina phompho. Kuno mphamvu ya injini si nkhani. Nkhani ndi kutalika kwa galimoto. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, Jimny ili ndi mamita 2.25, Defender 110 pafupifupi 2.8, Cruiser 79 pafupifupi 3.2. Jimny inkakhota kona iliyonse kamodzi n'kumapita. Defender inkakwanitsa malume akatsegulira kona patali. Cruiser pa makona othina inkafuna kuima, kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso, ine nditatsika ndikukodola ndi manja, kumbuyo kwa galimoto kukuyang'ana kuphompho. Alamu anafika pamwamba malaya atanyowa.

Chondichititsa manyazi ndi zida zathu zonsezi n'chakuti pa kona ina tinapatukira ka pickup kakale kokoka ndi matayala awiri, katadzaza anthu, matumba a ufa ndi makreti, kakutsika mosatekeseka. Dalaivala wake amadziwa mwala uliwonse. Anatipatsa moni wa "Monire mose" n'kupitirira.

Taona mathithi a Manchewe, amene amagwa mamita oposa 100, ndi Stone House, nyumba ya Laws ya mu 1903 imene pano ndi yosungiramo zakale. Tchalitchi ndi nyumba zanjerwa zofiira zikadali chiimire pakati pa mitengo, ophunzira a pa yunivesite akudutsa ndi mabuku.

Loweruka, Mzuzu

Lero sitinayese galimoto pamsewu. Tinazitengera kwa amakaniko ku Luwinga, ndi kuzungulira mashopu a sipeya, tikufunsa zinthu zomwezomwezo paliponse: fan belt, ma bearing a tayala, pampu ya madzi, kilachi, ma filter. Za Cruiser wogulitsa amangotembenuka n'kutenga pa shelefu, n'kukufunsa ngati ukufuna yeniyeni kapena yotsika mtengo. Za Defender zina zilipo, zina akuti tiimbire munthu ku Biwi ku Lilongwe, zina tidikire kuchokera ku Johannesburg. Za Patrol ya TD42 zimapezeka mwa apo ndi apo. Za Jimny yatsopanoyi ambiri anatilozera kwa dila.

Makaniko wina wachikulire anatsegula maboneti onse atatu. Pa 1HZ ndi pa 300Tdi anati zonsezi ndi zake: pampu ya dizilo ndi yamakina, palibe kompyuta, zikazima m'tchire umatsata paipi mpaka utapeza pamene mafuta aima. Anawonjeza kuti 300Tdi imafuna mwini wake woyang'ana madzi m'mawa uliwonse, chifukwa mutu wake ndi wa aluminiyamu ndipo sukhululuka ikatentha, pamene 1HZ imapirira madalaivala osinthasintha ndi dizilo wa m'zigubu. Za bodi anati aluminiyamu ya Defender sichita dzimbiri, koma chasisi yake ndi chitsulo, ndiye wogula azigwada n'kugogoda pansi. Pa Jimny anatseka boneti mwaulemu n'kuti imeneyi imafuna laputopu.

Pali chinanso chimene malume sakonda kumva. Defender yachikale inasiya kupangidwa ku Solihull ku England mu January 2016, ndipo imene ikutchedwa Defender lero, yopangidwa ku Slovakia, ndi galimoto ina kotheratu, ya mabwana. Mpondamatiki wa ku Britain Jim Ratcliffe anayesa kutseka mpatawo ndi Ineos Grenadier, yopangidwa ku Hambach ku France ndi injini za BMW, koma mtengo wake ndi makaniko wake sizili za msewu wa ku Hewe. Land Cruiser 70, imene inayamba mu 1984, ikupangidwabe, ndiye sipeya zake sizidzauma posachedwa.

Maganizo anga ndi awa. Pamatope ndi pamiyala Defender ndiyo inayenda mwaluso, Jimny ndiyo inatidabwitsa, ndipo ndikanakhala ndikugula yanga yoyendera anthu awiri ndikanatenga Jimny osaganiza kawiri. Cruiser sinapambane mayeso ngakhale amodzi a pamsewu kupatula kutsika phiri: ndi yopweteka msana, yaulesi pachitunda, yovuta pokhota. Koma alamu sakugula galimoto yokasangalala nayo. Akufuna yonyamula tani ya nyemba, yoyendetsedwa ndi mnyamata waganyu, yoti ikafa pa Bolero Lachiwiri ikhale itadzuka Lachitatu. Pa zimenezo palibe inzake pa zitatuzi.

Malume anati Hilux kapena pickup ya Mahindra ingagwire ntchito yomweyo pa ndalama zochepa, ndipo mwina akunena zoona pa miyezi ya chilimwe, koma ndikuganiza kuti anangofuna kuti Cruiser isapambane pamaso pawo. Alamu asiya galimotoyo kwa makaniko uja kuti ayeze compression ya masilinda onse, ayang'ane chasisi ngati inawotcheredwapo, ndi kuona ngati lamba wa timing anasinthidwadi monga mwini wake akunenera. Zotsatira zituluka Lolemba, ndipo kukambirana mtengo kuyambira pamenepo. Ine ndibwerera ku Lilongwe mawa mu Jimny, chifukwa msuweni wati mu Defender ya bambo ake ndingafike nditagontha.